Makhadi awiri a graphics a RTX 3090 m'kompyuta imodzi: ndisinthe motherboard? Nanga PSU ikhale yaikulu bwanji?

Kondwa3D walemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru ndisanagule kanthu.

Ntchito yanga ndi ya Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D. Olemba mapulani a nyumba amanditumizira mapulani awo, ine n'kuwasandutsa zithunzi ndi timakanema toonetsa mmene nyumbayo idzaonekere ikadzatha, kuyambira matailosi, magalasi, mpaka kuwala kwa dzuwa lamadzulo pakhonde. Makina omwe ndili nawo ndi awa: CPU ya Ryzen 9 5900X, RAM ya 64 GB, motherboard ya B550, RTX 3090 imodzi, NVMe ziwiri, ndi PSU (power supply, bokosi lopereka magetsi m'kompyuta) ya 750 W yomwe yandisunga zaka zitatu popanda vuto.

Chithunzi chimodzi sichindivuta. Chondisowetsa tulo ndi makanema. Kanema wa masekondi 40, pa mafulemu 30 pa sekondi, ndi mafulemu 1,200. Fulemu imodzi ya mkati mwa nyumba imanditengera mphindi ziwiri ndi theka mu Cycles, mbali ya Blender yomwe imarenda (kupanga chithunzi chomaliza), ndiye kanema yense ndi maola 50. Kasitomala akangoti mtundu wa khoma usinthe, ndimayambiranso pachiyambi, masiku awiri enanso.

Mnzanga wina wasiya ntchito zotere ndipo wandigulitsa 3090 yake. Usiku womwewo ndinaiika pa slot yachiwiri kuti ndione. Windows inaziona zonse ziwiri, Blender nayonso inazionetsa pa OptiX, mtima unali mbee. Nditangodina kuti iyambe kurenda, mafani anakwera mphamvu, patapita masekondi ngati khumi kompyuta yonse inangoti zii. Palibe blue screen, palibe uthenga, kungozima ngati wina wazula pulagi. Ndinayesanso kawiri, chimodzimodzi, kenako ndinachotsa khadi yachiwiriyo poopa kuotcha zinthu.

Kuti PSU yachepa ndikudziwa. Chomwe sindikudziwa n'chakuti ndikwere mpaka pati, 1000 W, 1200 W kapena 1600 W. Komanso pali amene andiuza kuti pa Ryzen wamba makhadi awiri amaphana, ndiye ndingosamukira ku Threadripper, mtundu wa ma CPU akuluakulu a AMD. Zimenezo zikutanthauza CPU yatsopano, motherboard yatsopano ndi cooler yatsopano, ndipo sindikufuna kutero ngati palibe chifukwa chenicheni. Chomaliza, ndikaika NVLink, njira ya NVIDIA yolumikizira makhadi awiri, kodi ndidzakhala ndi 48 GB ya VRAM (memory ya m'khadi, 24 GB pa khadi iliyonse) kapena ayi? Ma scene anga ambiri amadya pakati pa 14 ndi 19 GB, koma pali imodzi ya hotelo yomwe inakana kulowa mu 24 GB.

Zikomo kwambiri.

---

aBanda_Makina walemba:

Achimwene, za Threadripper ikani kaye pambali. Ndayamba kulumikiza makompyuta kalekale, nthawi imene makhadi awiri ankatanthauza SLI, njira ya NVIDIA yogwiritsa makhadi awiri limodzi pa magemu, ndipo mantha a ma lane, tinjira tomwe deta imadutsamo popita ku khadi, anthu anawatenga kumeneko. Ntchito yanuyi ndi ina.

Tiyeni tiwerenge. 5900X yanu ili ndi ma lane 24 a PCIe 4.0. Mwa amenewa 16 amapita ku slot yoyamba ya graphics, 4 ku NVMe yoyamba, ndipo 4 otsalawo ndi omwe amalumikiza CPU ndi chipset, tchipi cha pa motherboard chomwe zipangizo zina zimalumikizidwako. Zina zonse, ma USB ambiri, SATA, NVMe yachiwiri, ma slot apansi, zimapanikizana pa njira ya ma lane anayi ija. Pa ma board ambiri a B550, slot yachiwiri imaoneka yaitali ngati yoyamba, koma mukaiunika ndi tochi muona kuti timapini tathera pafupi, mbali inayo ndi pulasitiki chabe. Imeneyo ndi x4, yochokera ku chipset, ndipo ma lane a chipset ya B550 ndi a PCIe 3.0. Lane imodzi ya 3.0 imanyamula pafupifupi 1 GB pa sekondi, ndiye khadi yanu yachiwiri ikulandira pafupifupi 4 GB pa sekondi pomwe yoyamba ikulandira pafupifupi 32.

Kusiyanaku kukuoneka koopsa, koma Cycles sagwira ntchito ngati gemu. Amatumiza scene yonse m'khadi, kenako khadiyo imawerengera yokha kuwala kwake, yosalankhulana kwambiri ndi CPU mpaka fulemu itatha. Ngati scene ndi ya 16 GB, pa x4 ya 3.0 kuitumiza n'kwa masekondi ochepa chabe, pa fulemu ya mphindi ziwiri ndi theka. Mukayatsanso Persistent Data, yomwe inakonzedwa bwino kuyambira Blender 2.93, zambiri zimakhala momwemo kuchoka fulemu ina kupita ina. Choncho pa kurenda kokha, x4 imakuchedwetsani pang'ono, siikuphani.

Ndikanakuuzani kuti khalani ndi B550 yanuyo pakanapanda funso lanu la NVLink. Pa Windows, makhadi a GeForce amalankhulana kudzera pa NVLink pokhapokha SLI itayatsidwa mu NVIDIA Control Panel, ndipo SLI imafuna kuti khadi iliyonse ikhale ndi x8 kapena kuposa, pa board yovomerezeka. NVIDIA inasiya kutulutsa ma profile atsopano a SLI a magemu kuyambira Januwale 2021, koma lamulo la x8 lija silinachoke. Ndiye ngati mukufunadi NVLink, funani board ya AM4 yomwe imagawa ma lane 16 a CPU aja kukhala x8/x8. Ma X570 angapo amatero, ngakhalenso B550 zochepa monga ASUS ProArt B550-Creator. Musakhulupirire chithunzi cha pa bokosi. Tsitsani manyuwalo a board musanagule, pitani pa tsamba la expansion slots, muwerenge ndi maso anu mawu akuti x8/x8. x8 ya PCIe 4.0 ndi pafupifupi 16 GB pa sekondi, chimodzimodzi ndi x16 ya 3.0, ndipo 3090 siimva njala pamenepo.

Za 48 GB: popanda NVLink, VRAM siiphatikizana. Khadi iliyonse imasunga kope lake la scene yonse, ndiye muli ndi 24 GB kawiri, osati 48. Ndi NVLink, Blender kuyambira 2.90 ili ndi kabokosi mu Preferences kolola kugawa memory pakati pa makhadi, ndipo scene ya hotelo ija ingathe kulowa. Musayembekezere 48 yathunthu, chifukwa zina zimasungidwabe mbali zonse ziwiri.

Threadripper PRO ili ndi ma lane 128, n'zoona, ndipo munthu wofuna makhadi anayi onse pa x16 njira yake ndi imeneyo. Inu muli ndi awiri.

Mu BIOS muyatse Above 4G Decoding, ndipo CSM muizimitse.

---

Nachisale_V walemba:

A Banda alongosola bwino za board, ine ndilankhule za magetsi poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, kukonza ma power supply ndi ma inverter.

Choyamba, achimwene, musaiyesenso kompyutayo pa 750 W ija. Kuzima komwe munaonako ndi chitetezo cha PSU, inaona kuti ikukokedwa mopitirira n'kudzidula yokha. Inachita bwino. PSU yosalongosoka ikanalimbikira mpaka kununkha.

NVIDIA imati kompyuta ya 3090 imodzi ikhale ndi 750 W. Khadi iliyonse ndi 350 W, ziwiri ndi 700. 5900X imalembedwa 105 W koma ikamagwira ntchito mwamphamvu imafika 142 W. Onjezerani board, RAM, ma NVMe ndi mafani, tinene 60 W. Mwafika pafupifupi 900 W, ndipo ameneyo ndi katundu wa maola 25 kapena 30 osapuma, osati wa mphindi zisanu.

Nambala imeneyi siinena zonse. 3090 imadziwika ndi kulumpha: kwa kanthawi kochepetsetsa, kosakwana kuphethira kwa diso, imatha kukoka kupitirira 500 W, kenako n'kubwerera. Mita ya pakhoma siiona zimenezi, koma chitetezo cha mu PSU chimaona. Makhadi awiri akalumpha nthawi imodzi, PSU ya 1000 W yomwe pa pepala ikukwanira imatha kuzima pakati pa usiku, inu muli mtulo, fulemu ya 700 isanathe. N'chifukwa chake ine 1000 W sindikuivomereza. Yambirani pa 1200 W, ndipo mukapeza 1300 W yabwino tengani. 1600 W ndi ya munthu amene akudziwa kuti khadi yachitatu ikubwera. Ngati ili yotsatira muyezo wa ATX 3.0, womwe unatuluka mu 2022, ndi bwino kwambiri, chifukwa muyezowu umalamula kuti PSU ipirire kulumpha kofika kawiri mphamvu yake yolembedwa kwa ma microsecond 100. Vuto lenileni la makhadi anuwa ndi limenelo.

Za 80 PLUS anthu amasokoneza. Gold kapena Platinum ikunena za magetsi omwe amatayika ngati kutentha, Gold imakhala pafupifupi 90 peresenti ikanyamula theka la katundu wake. Siikunena kuti ma capacitor ake ndi abwino kapena chitetezo chake chimagwira. Onani zaka za waranti, ndipo werengani kwa anthu omwe anaitsegula n'kuiyesa pa makina oyezera.

Tsopano zingwe, ndipo apa ndikupemphani mundimvere. Slot ya PCIe imapereka 75 W. Pulagi ya 6-pin ndi 75 W, ya 8-pin ndi 150 W. Ma PSU ambiri amabwera ndi chingwe chimodzi chokhala ndi mapulagi awiri a 8-pin, ina itamera pa inzake ngati nthambi. Pa khadi ya 170 W ngati RTX 3060 palibe vuto. Pa 3090 yorenda usiku wonse, mphamvu ya mapulagi awiri ikudutsa pa pulagi imodzi ya ku PSU, pini imodzi ikangokhala yolobodoka imayamba kutentha, pulasitiki n'kuyamba kuda. Pulagi iliyonse ya pa khadi ikhale ndi chingwe chakechake kuchokera ku PSU. Werengani mapulagi a makhadi anu onse awiri, muonjezere za CPU, ndipo muone ngati PSU yomwe mukufunayo ili ndi mabowo okwanira. Pali ma 1200 W ena omwe mawati ali nawo koma mabowo alibe.

Chinanso, zingwe za PSU yakale musazisiye m'kesi poganiza kuti mungosintha bokosi lokha. Mbali yolowa ku khadi ndi yofanana kulikonse, koma mbali yolowa ku PSU kampani iliyonse imalumikiza mwa njira yake, nthawi zina ngakhale mitundu iwiri ya kampani imodzi imasiyana. Pulagi imalowa bwinobwino, koma 12 V n'kupita pomwe payenera kukhala ground. Chaka chatha munthu wina anandibweretsera kompyuta yomwe ma hard drive ake atatu anapsa sekondi imodzi chifukwa cha chingwe chimodzi cha SATA cha PSU yakale. Munali zithunzi za ukwati za makasitomala ake. Sindinathe kumuthandiza, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

---

Kondwa3D walemba:

Zikomo a Banda, zikomo achemwali. Ndaunika ndi tochi monga munanenera, timapini tathera pafupi ndithu. Manyuwalo akuti slot imeneyo ndi PCIe 3.0 x4. Ndipo achemwali mwalasa, usiku uja khadi iliyonse ndinaipatsa zingwe za nthambi zija poti PSU yanga ili ndi zingwe za PCIe zochepa.

Ndawerenga mapulagi. Khadi yanga yakale ili ndi 8-pin zitatu, ya mnzanga ili ndi ziwiri, zonse pamodzi zisanu. Makhadiwa ndi a makampani osiyana. Yanga ndi yonenepa, imadya pafupifupi ma slot atatu, inayo ndi yocheperako, iwiri ndi kachidutswa.

Funso lina landibwerera. Poti 750 W ija ndi yabwinobwino, bwanji ndingogula PSU ina yapakatikati kuti izidyetsa khadi yachiwiri yokha? Ndaona zithunzi za anthu ochita zimenezi.

---

Gomani_rig walemba:

Aise, ine ndinayendetsa makhadi asanu ndi limodzi pa ma PSU awiri mu 2021, nthawi yokumba Ethereum, ndipo zinkayenda miyezi osazima. Pali ka board kakang'ono kolumikiza waya wobiriwira wa PS_ON kuti PSU yachiwiri iziyaka limodzi ndi yoyamba. Ndiye zimatheka.

Koma aliyense pano akukamba za lane ndi mawati, palibe wakamba za kutentha, pomwe chimene chidzakuvuteni kwambiri ndi chimenecho. 3090 ili ndi tchipisi ta memory 24, ndipo theka lake lili kumsana kwa khadi, kosafika fani. GDDR6X imeneyo ikafika 110°C khadi imadzichepetsa liwiro yokha. Kutentha kwa GPU kumatha kuonetsa 70 inu n'kumati zili bwino, memory ili pa 104. Tsegulani pulogalamu ya HWiNFO muone mzere wa memory junction.

Mukapanikiza ziwiri m'kesi, mafani a khadi ya pamwamba amayang'ana msana wotentha wa khadi ya pansi, ndiye imapuma mpweya wophika kale. Ine ndikanakhala inu ndikanatulutsa makhadi m'kesi, kuwapachika pa felemu yotseguka ndi ma riser (zingwe zolumikiza khadi ku slot ili patali), mpata wa chikhatho pakati pake.

---

Nachisale_V walemba:

A Gomani akunena zoona pa kutentha, ndipo ndikuthokoza kuti akumbutsa. Pa ma PSU awiri ndi ma riser ndisiyana nawo pang'ono.

Zimatheka, sindikukana. Koma makina okumba akazima, munthu amangoyatsanso, wataya maola basi. Achimwenewa akazimiridwa pakati pa ntchito ya kasitomala, nkhani ndi ina. Ma PSU awiri ndiye kuti chitetezo chili pawiri, ina ikadzidula inzake imapitiriza, khadi n'kutsala ndi magetsi a ku slot okha pomwe a mapulagi apita. Muonjezerepo zingwe ziwiri za kukhoma, ka board kolumikizira, ndi PSU ina yokhala panja pa kesi pomwe mwana kapena tsache lingaikhudze. Pa makhadi awiri okha, PSU imodzi yaikulu ilipo pamsika, ndiye sindikuona chifukwa.

Ma riser a okumba aja, a kachingwe ka USB, ndi x1. Pokumba zinalibe kanthu poti deta inali yochepa, koma scene ya 18 GB pa lane imodzi mudzaimva, ndipo za NVLink pa Windows muiwale. Ambiri mwa iwo ankabweranso ndi kachingwe kotengera magetsi ku pulagi ya SATA. Pulagi ya SATA ili ndi mapini atatu a 12 V, iliyonse 1.5 A, kutanthauza 54 W, pomwe khadi ili ndi ufulu wokoka mpaka 75 W ku slot. Ndinaona mapulagi ambiri osungunuka chaka chimene chija, onse malo amodzimodzi. Ngati riser ikufunikadi, ikhale ya x16 yathunthu yolembedwa PCIe 4.0, yaifupi. Ikamavuta, kutsitsa slot kukhala Gen 3 mu BIOS kumathetsa mavuto ambiri.

Chomwe chingathandize kutentha ndi magetsi nthawi imodzi n'kuchepetsa power limit. Mu MSI Afterburner ikokereni pa 80 peresenti, kapena tsegulani terminal ngati administrator mulembe nvidia-smi -pl 280. Khadi iliyonse itsika kuchoka pa 350 kufika 280 W, awiri mwapulumutsa 140 W ya kutentha m'kesi, ndipo liwiro la kurenda limatsika pang'ono kwambiri poyerekeza ndi magetsi omwe mwachotsa. Mawati omalizira aja khadi imawadya kuti ipeze ma MHz ochepa chabe. Izi sizikutanthauza kuti mugule PSU yaing'ono ayi. Driver ikasinthidwa kapena kompyuta ikayambiranso, limit ija imatha kubwerera pa 350 inu osadziwa, ndiye PSU ikhale yokonzeka kunyamula zonse.

---

aBanda_Makina walemba:

Mwanena kuti makhadiwo ndi a makampani osiyana, apa ndiyenera kubweza pang'ono zomwe ndinanena za NVLink. Bridge yake, kachipangizo kolumikiza makhadi awiriwo, ndi yolimba, siipindika. Imafuna zinthu ziwiri: mtunda wa pakati pa ma slot ugwirizane ndi kukula kwa bridge, ndipo timano ta NVLink ta pamwamba pa makhadi tikhale pa msinkhu umodzi ndi mzere umodzi. Makampani amapanga ma PCB otalika mosiyana, ndiye makhadi awiri osiyana nthawi zambiri sakumana. Ikani makhadi anu patebulo moyandikana, muyeze ndi lula kuchokera pa timano tolowa mu slot kufika pa timano ta NVLink. Akasiyana ngakhale mamilimita ochepa, bridge musagule.

Slot imodzi ndi 20.32 mm. Ma board ambiri a ATX okhala ndi x8/x8 amasiyanitsa ma slot awiriwo ndi mipata itatu, pafupifupi 61 mm. Khadi yanu yonenepa ikakhala pamwamba idzatseka mpata wonsewo, mafani ake n'kugunda msana wa inzake. Choncho yopyapyala ikhale pamwamba kuti patsale kampata kopumira, yonenepa ipite pansi. Koma yonenepayo ikakhala pansi idzadya slot yachisanu, yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri pa ma board ambiri, ndipo mafani ake adzayang'ana chivundikiro cha PSU. Yezani kesi yanu. Kesi ya ma slot 8 imathandiza kwambiri apa. Onaninso kuti siikuphimba mapini a USB ndi a batani loyatsira omwe amakhala m'mphepete mwa pansi pa board.

Ngati board yomwe mwasankha ili ndi pulagi yapadera ya 6-pin yodyetsa ma slot, ilumikizeni. Chingwe chachikulu cha 24-pin chili ndi mawaya awiri okha a 12 V, ndipo makhadi awiri okoka ku ma slot onse amadalira mawaya amenewo.

---

Kondwa3D walemba:

Ndabweranso patatha milungu iwiri kuti ndikuuzeni mmene zathera.

Ndinayeza ndi lula monga a Banda ananenera. Timano ta NVLink tasiyana pafupifupi sentimita yathunthu, ndiye bridge sindinagule. Poti NVLink yagwa, ndinaganiza zokhala ndi B550 yanga, koma slot yake yachiwiri ili pansi kwambiri moti khadi yonenepa inkagunda chivundikiro cha PSU. Ndatenga X570 ya x8/x8, CPU ndi RAM zomwe zija, ndi kesi ya ma slot 8 yokhala ndi mafani atatu a 140 mm kutsogolo. PSU ndi ya 1300 W, ATX 3.0, zingwe zisanu za 8-pin, chilichonse chochokera kubowo lake. Zingwe zakale ndinazichotsa zonse mpaka za SATA, ndazimanga m'thumba limodzi ndi PSU yake ndipo ndalembapo dzina.

Yopyapyala ili pamwamba, pakati patsala kampata kolowa chala. Pa 350 W memory ya khadi ya pamwamba inafika 106°C mu HWiNFO pasanathe theka la ola, a Gomani munanena zoona. Nditatsitsa onse awiri pa 280 W n'kuika fani ina yaing'ono yopemerera pakati pawo, ikukhazikika pa 94 mpaka 96, ya pansi pa 90. Lamulo la nvidia-smi ndaliika mu Task Scheduler kuti lizithamanga kompyuta ikangoyaka.

Fulemu ija ya mphindi ziwiri ndi theka tsopano ikutenga mphindi imodzi ndi masekondi 22. Kanema yense watha m'maola osakwana 28, osazima ngakhale kamodzi. Scene ya hotelo ikukanabe kulowa mu 24 GB, ndiye ndayamba kutsitsa ma texture a 8K kukhala 4K pa zinthu zakutali ndi kamera, ndipo mitengo ya panja ndaisandutsa ma instance (mtengo umodzi woonetsedwa m'malo ambiri). Yatsika kufika 22 GB.

Achemwali a Nachisale, funso limodzi lotsala. Ma thermal pad a kumsana kwa khadi ya mnzanga ija, timaphedi tochotsa kutentha pa tchipisi, sanasinthidwepo chiigulireni. Kodi 96°C ndi yoti ndingakhale nayo, kapena nditsegule ndisinthe? Ngati n'kusintha, makulidwe ake ndiwayeza bwanji, poti ndamva kuti pad ikanenepa kwambiri imakweza cooler n'kuisiyanitsa ndi GPU?